Kankhanambo kakuda kobisala m'khwapa: kuzindikira scrub typhus sabata yoyamba isanathe

Munthu wodwala scrub typhus akafika kuchipatala pa tsiku lachinayi kapena lachisanu, palibe chimene chimamusiyanitsa ndi anzake pa benchi. Thupi latentha mpaka madigiri 39 kapena 40, mutu ukuwawa ngati ung'ambika, m'thupi monse mukuphwanya, chakudya chikukanika. M'zipatala za ku Tamil Nadu ndi ku Himachal Pradesh m'dziko la India, ku Nepal, ku Laos kapena kumpoto kwa Thailand, pa benchi yomweyo pamakhalanso odwala malungo, dengue (yofalitsidwa ndi udzudzu), taifodi ndi leptospirosis (yotengera m'madzi odetsedwa ndi mkodzo wa nyama), ndipo onse amadandaula zofanana. Chimene chingamupatule munthuyu chili pansi pa zovala zake: kachilonda kakang'ono ngati njere ya nyemba, kosapweteka, kosayabwa, kamene mwini wake sakudziwa n'komwe kuti ali nako. Madokotala amakatchula kuti eschar. Kakapezeka, matenda adziwika pompo, ndipo mankhwala ake ndi otchipa. Kakapanda kufunidwa, wodwala amalowa sabata yachiwiri akumwa mankhwala osagwirizana ndi matenda ake, ndipo sabata yachiwiriyo ndi imene imapha.

Matendawa amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Orientia tsutsugamushi. Amene amamunyamula ndi kamwana ka kachilombo kofanana ndi utitiri, ka mtundu wa Leptotrombidium, kamene m'mabuku azachipatala amati chigger. Kukula kwake sikufika ndi theka la milimita lomwe, ndipo kali ndi miyendo 6. Sikayamwa magazi ngati udzudzu kapena nkhupakupa. Kamaboola khungu, kuthirapo malovu osungunula mnofu, n'kumamwa madziwo kwa masiku angapo kenako n'kugwa. Pa moyo wake wonse kamadya pa nyama kamodzi kokha; kakakula kamakhala m'dothi. Bakiteriyayo kamachita kubadwa naye, kuchokera kwa make kudzera m'dzira. Nyama zake zenizeni ndi mbewa ndi makoswe akutchire, munthu amangogweramo chifukwa wadutsa kapena wakhala pamalo pamene tili. Timakonda tchire lophukira pamene panadulidwa nkhalango, m'mbali mwa minda ya mpunga, m'minda ya tiyi, m'magombe a mitsinje ndi udzu wozungulira nyumba, ndipo timaunjikana pamalo ochepa. Anthu awiri akhoza kumweta udzu m'munda umodzi, wina n'kudwala, mnzake ayi.

Kwawo kwa matendawa ndi dera lalikulu loyambira kumpoto kwa Japan ndi kum'mawa kwa Russia, kutsikira kumpoto kwa Australia, n'kukafika ku Pakistan ndi Afghanistan. Anthu pafupifupi 1 biliyoni amakhala m'dera limeneli, ndipo akatswiri amayerekeza kuti 1 miliyoni amadwala chaka chilichonse. Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles amene anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 anadutsa m'chigwa cha Kabaw, chimene chinatchuka ndi malungo komanso matenda omwewa. Masiku ano amene angawatenge pakati pathu ndi ophunzira, amalonda ndi odikirira odwala amene apita ku India, Thailand kapena kum'mwera kwa China, makamaka akayendako kumidzi.

Kuchokera pa tsiku lolumidwa kufika pa tsiku lotentha thupi pamadutsa masiku 6 mpaka 21, kawirikawiri 10 mpaka 12. Choncho mafunso ayenera kubwerera m'mbuyo masabata atatu. Funso lakuti "Kodi munalumidwa ndi kachilombo?" ndi longotaya nthawi, chifukwa kuluma kwake sikumveka ndipo kachilomboko sikaoneka. Funsani za ntchito ndi makhalidwe: kumweta udzu wa ng'ombe, kutola nkhuni, kupalira, kukolola, kukhala kapena kugona pa udzu, kuyanika zovala pa tchire, kupita kuthengo kukadzithandiza. Nyengo nayo imathandiza. Ku Korea odwala amachuluka mu Okutobala ndi Novembala, nthawi yokolola. Kumpoto kwa India amachuluka mvula ikamatha, pomwe kum'mwera kwa dzikolo amapitirira mpaka m'miyezi yozizira ya kumapeto ndi kumayambiriro kwa chaka.

Chifukwa chimene maso ndi manja zilili zofunika chonchi n'chakuti labotale imachedwa. Mayeso ofala, monga IgM ELISA ndi timayeso tachangu ta dontho la magazi, amafufuza asilikali amene thupi lapanga, ndipo asilikaliwo sayamba kuoneka bwino mpaka cha kumapeto kwa sabata yoyamba. Kuyeza pa tsiku lachinayi n'kupeza kuti mulibe kanthu sikutanthauza kuti munthu alibe matendawa. Mayeso akale a Weil-Felix, amene amagwiritsa ntchito bakiteriya wa Proteus OXK, amaphonya odwala ambiri ngakhale m'sabata yachiwiri. PCR, mayeso ofufuza bakiteriya mwiniwakeyo, imagwira msanga, koma m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, kumene odwala ambiri amayambira, kulibe. Ndiye pali vuto lina lalikulu. Orientia amakhala mkati mwa maselo a munthu, makamaka a m'mitsempha ing'onoing'ono ya magazi, ndipo amoxicillin, penicillin ndi ceftriaxone samukhudza n'komwe. Ciprofloxacin nayenso ngosadalirika. Awa ndiwo mankhwala amene munthu wotentha thupi amayamba kupatsidwa akamuganizira taifodi kapena chibayo. Amamwa mokhulupirika, amabayidwa majakisoni tsiku ndi tsiku, matenda akupitabe patsogolo.

Tiyeni tikaone kachilondako pafupi.

Pamene kachilombo kanadya pamayamba katotupa kofiira, kolimba pang'ono, munthu asanayambe n'kutentha thupi komwe. Pakati pake pamatuluka kathuza, kathuzako kamaphulika, n'kusiya kabowo kosazama. Mnofu wa pakatipo umafa chifukwa timitsempha ta magazi tatupa ndi kutsekeka, ndipo umauma n'kusanduka nkhanambo yakuda bii. Eschar yokhwima imakhala mamilimita 5 mpaka 20 m'mimba mwake, yambiri siipitirira sentimita imodzi. Ndi yozungulira kapena yonga dzira. Nkhanamboyo imakhala yomira pang'ono m'khungu, yomatirira, siichoka mukaikanda mopepuka ndi chala. M'mphepete mwake mumakhala motukuka pang'ono, mozunguliridwa ndi kamzere kofiira, ndipo pakapita masiku pamabwera timamba toyera mbuu tozungulira nkhanamboyo. Amene anakaona koyamba amati kali ngati pamene wina wazimitsira ndudu pakhungu, ndipo fanizoli ndi lolondola kwambiri. Dinikizani pambali pake ndi chala: wodwala sadzidzimuka, sabweza thupi. Palibe mafinya otuluka, palibe kutentha kwa chithupsa, palibe kutupa kwakukulu. Kusapweteka kumeneku ndiko chizindikiro chake chachikulu, komanso ndiko kumakabisa. Nthawi zambiri kamakhala kamodzi kokha.

Chithunzi chimenechi ndi cha m'buku, ndipo chasokeretsa anthu ambiri amene amafuna chokhacho. Pamalo a chinyezi, monga m'khwapa, m'mphechepeche, pansi pa bere kapena pakati pa matako, nkhanambo siuma. Imanyowa ndi thukuta, zovala zimaikhula, imagwa msanga kapena siipangika n'komwe. Chimene mumapeza ndi kachilonda kosazama, kooneka ngati kachita kuboolewa ndi chitsulo chozungulira, pansi pake potuwa kapena pachikasu, m'mbali mofiira. Amene akufuna chakuda amakadumpha, mwina n'kulemba kuti ndi chithupsa chophulika, kapena, kakakhala kumaliseche, n'kuyamba kuganiza za matenda opatsirana pogonana. Pa khungu lakuda pali vuto lina: kufiira kozungulira kuja sikuoneka, kumangokhala kuderako pang'ono kapena kuwala, ndipo nkhanambo yakuda siisiyana kwenikweni ndi khungu. Apa zala zimathandiza kuposa maso. Yendetsani nsonga za zala pakhungu pang'onopang'ono, mumva kakhakhalaza kolimba pamene maso anadutsa. Wodwala akabwera mochedwa, patatha masabata awiri kapena atatu, nkhanambo imakhala itagwa, pangotsala kachipsera koyererako kozunguliridwa ndi khungu loderako. Nakonso ndi umboni, ngati mbiri ya matenda ikugwirizana.

Kachilomboka kakakwera pathupi sikaluma pamene kafikira. Kamayenda mpaka katapeza pofunda, ponyowa, pa khungu lopyapyala, kapena pamene chovala chathina n'kukatsekereza. N'chifukwa chake eschar siipezeka kawirikawiri pamanja kapena pankhope. Madokotala a ku Korea amene analemba malo a eschar pa odwala awo anapeza kuti mwa amuna malo oyamba ndi kunsi kwa mchombo, ndiko kuti m'chiuno, m'mphechepeche ndi kumaliseche, pomwe mwa amayi ndi pachifuwa, makamaka pansi pa mabere. Zipatala za ku India zapeza zofanana ndi zimenezi. Mwa ana aang'ono muziyang'anitsitsa m'khwapa, m'mphechepeche, kumaliseche, m'khosi ndi kuseri kwa makutu.

Kafufuzidwe kake kamatenga mphindi zisanu zokha, koma kamafuna kuti wodwala avule. Apa ndi pamene zinthu zimalakwikira, osati m'mabuku. Kuchipatala kwadzaza, chipinda chilibe katani, dokotala ndi wamwamuna wodwala ndi mayi wachikulire, ndiye amangokweza malaya pang'ono, kumvetsera pachifuwa, kugwira pamimba, basi. Ine ndimaona kuti kulemba m'fayilo kuti "palibe eschar" munthu asanavule n'koipa kuposa kusalemba kanthu, chifukwa amene abwere pambuyo akhulupirira mawuwo n'kusiya kufuna. Mufotokozereni wodwala kaye chimene mukufuna: "Amayi, pali kachilonda kakang'ono kosapweteka kamene kamabisala malo obisika. Tikakapeza tidziwa mankhwala oyenera lero lomwe. Namwino wamkazi akuonani kuseri kwa katani." Munthu akamva chifukwa chake savuta. Mufundeni nsalu, muzivundukula mbali imodzi imodzi, ndipo pakhale munthu wachitatu wa chipatala.

Kuwala kukhale kwa dzuwa kapena kwa tochi yoyera bwino. Babu lachikasu la m'wodi limameza mtundu wa khungu. Tochiyo muziiwalitsa cham'mbali, mopendeka, kuti chotukuka chilichonse chichite mthunzi. Yambirani kumutu ndipo musadumphe: patulani tsitsi m'mphepete mwa chipumi ndi kunkhongo, pindani khutu lililonse muone kuseri kwake ndi mkati mwa chikutu, onani zikope, pansi pa chibwano ndi m'makwinya a khosi. Kwezani mkono wonse mpaka pamwamba, tambasulani khungu la m'khwapa ndi zala ziwiri, chifukwa kachilonda kamakhala pansi penipeni pa khwinya, pakati pa tsitsi. Kwa amayi bere lililonse likwezedwe, ndipo mutsatire mzere wonse wa lamba wa bra mpaka kumsana. Tsegulani mchombo. Tsatirani mzere umene lamba, chingwe cha siketi kapena lasitiki wa kabudula wamkati wasiya m'chiuno, kuzungulira thupi lonse. Kwa munthu wonenepa kwezani khwinya lililonse la mimba. Kenako m'mphechepeche mbali zonse ziwiri miyendo itatang'adza, pansi pa machende, pa mbolo, m'mbali mwa maliseche a amayi. Mukatero mutembenuzeni wodwala. Odwala kwambiri amagona chagada masiku ambiri ndipo palibe amene amaona msana wawo, pakati pa matako, kuseri kwa ntchafu ndi kuseri kwa mawondo. Malizani ndi akakolo, pamene sokosi imathera, ndi pakati pa zala zakuphazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali njira yachidule imene imathandiza kwambiri: mwanabele. Anabele a m'dera limene kachilonda kali amatupa ndi kupweteka, ndipo ululu umenewu wodwala amaudziwa ngakhale sadziwa za chilondacho. Mukapeza mwanabele wopweteka m'mphechepeche ya kumanzere yokha, funani mwendo wonse wakumanzere, thako, maliseche ndi mimba ya kunsi kwa mchombo. Akakhala m'khwapa, funani mkono, bere, nthiti ndi phewa la mbali yomweyo. Akakhala m'khosi kapena kuseri kwa khutu, patulani tsitsi. Matenda akamapitirira anabele amatupa thupi lonse ndipo salozanso kulikonse, choncho funsani kuti woyamba kupweteka anali uti.

Musafune kamodzi n'kusiya. Ngati thupi likutenthabe mawa lake, wina afunenso, ndipo zimakhala bwino akakhala munthu wina. Namwino amene akusambitsa wodwala, kumusintha zovala kapena kumuika paipi ya mkodzo ali ndi mwayi woona malo amene dokotala sanafike, bola auzidwe chimene chikufunidwa. Mayi wa mwana nayenso mufunseni ngati waona kachilonda posambitsa. Ngati pakhungu papakidwa mankhwala azitsamba, phulusa kapena ufa, tsukanipo ndi madzi musanaweruze.

Zizindikiro zina za pathupi sizilozera matendawa pazokha, koma zikaunjikana zimalemera. Zidzolo zimatuluka cha pa tsiku la 5 mpaka la 8, zimayambira pachifuwa, pamimba ndi pamsana n'kumafalikira kumikono ndi kumiyendo. Ndi timadontho tofiira, tina tosalala tina totukuka pang'ono, tosayabwa, ndipo kawirikawiri sitifika m'zikhatho ndi kumapazi. Timatha msanga, ndipo pa khungu lakuda timavuta kuona moti odwala ambiri a ku India salembedwa n'komwe kuti anali nato. Maso amafiira psuu koma opanda manthongo. Chiwindi ndi kapamba zimatupa ndipo zimagwirika pansi pa nthiti. Kugunda kwa mtima nthawi zina kumatsalira m'mbuyo: mwachibadwa kumakwera pafupifupi ka 10 pa mphindi pa digiri iliyonse imene thupi latentha, koma apa munthu wa madigiri 40 akhoza kugunda ka 85 kokha. Ndi chizindikiro chofooka chifukwa taifodi ndi dengue nazo zimatero.

Chimene ndimachilemekeza kwambiri pa zizindikiro zing'onozing'onozi ndi makutu. Odwala ena amayamba kumva kulira m'makutu, kapena kugontha pang'ono, cha kumapeto kwa sabata yoyamba. Achibale amati "masiku ano akumatifunsa kawiri kawiri tikamalankhula". Munthu wotentha thupi, wochokera kumene matendawa ali, amene wayamba kusamva bwino popanda mafinya m'khutu ndiponso asanamwe kwinini kapena kubayidwa gentamicin, muganizireni scrub typhus. Kugonthaku kumatha akachira.

Ana amaoneka mosiyanako. Nkhope imatupa, makamaka zikope, mapazi amatupa, mimba imafufuma chifukwa cha chiwindi, kapamba ndi madzi, popeza timitsempha ta magazi tikudontha. Ena amafika atakomoka kale. Ku Gorakhpur, m'chigawo cha Uttar Pradesh ku India, ana ambiri ankafa chaka ndi chaka ndi matenda otupitsa ubongo, ndipo kwa nthawi yaitali maso onse anali pa Japanese encephalitis, matenda a ubongo ofalitsidwa ndi udzudzu. Kafukufuku wa bungwe la Indian Council of Medical Research anadzasonyeza kuti gawo lalikulu la anawo linali ndi scrub typhus, ndipo ambiri anali atatentha thupi kwa masiku angapo ubongo usanagwidwe. Ochepa okha ndiwo anapezeka ndi eschar. Njira imene inatsatidwa inali yopereka doxycycline kapena azithromycin msanga kwa ana otentha thupi m'zipatala zing'onozing'ono, osadikira kuti afike pokomoka.

Nkhani ya Gorakhpur ikutifikitsa pa mfundo imene siyenera kusokonekera. Eschar ikapezeka pa munthu wotentha thupi m'dera la matendawa, n'zokwanira kuyamba mankhwala. Ikapanda kupezeka, sizichotsa kanthu. Malipoti a zipatala zosiyanasiyana amasiyana kwambiri, kuyambira odwala 7 pa 100 mpaka 97 pa 100. Ku Korea ndi ku Japan imapezeka mwa odwala ochuluka zedi, ku India ndi ku Thailand imasowa kawirikawiri. Zina mwa zifukwa zake ndi mtundu wa khungu, mtundu wa bakiteriya wa m'deralo, komanso kuti amene anadwalapo kale nthawi zina satulutsa eschar akagwidwanso. Koma chifukwa china ndi khama la wofufuza, ndipo ichi chokha ndicho chili m'manja mwathu.

Pali zilonda zina zofanana nako, ndipo kwa ife a kuno kum'mwera kwa Africa izi ndi zimene tingakumane nazo kawirikawiri. Malungo a nkhupakupa, oyambitsidwa ndi Rickettsia africae, amene amafalitsidwa ndi nkhupakupa za ng'ombe ndi nyama zakutchire za mtundu wa Amblyomma, amatulutsa nkhanambo yakuda yofanana ndendende. Kusiyana kwake n'kwakuti nthawi zambiri zimakhala zingapo, zimakonda miyendo ndi m'mphechepeche, ndipo matenda ake ndi opepukirapo. Rickettsia conorii, wa nkhupakupa za agalu, amatulutsa nkhanambo imodzi ndi zidzolo zofika m'zikhatho ndi kumapazi. Pa awiriwa kusokoneza sikuvulaza wodwala, chifukwa mankhwala ndi doxycycline yemweyo. Anthrax ya pakhungu nayo siipweteka ndipo imada bii, koma imakhala yokulirapo, pamalo oonekera monga dzanja, mkono kapena nkhope, yozunguliridwa ndi timatuza ndi kutupa kwakukulu, ndipo munthuyo amakhala kuti anasenda kapena kugwira nyama yofa yokha. Polumidwa ndi kangaude pamapweteka. Chithupsa ndi zilonda za mafinya zimapweteka ndi kutentha. Nkhanambo ya pamene munthu wadzikanda imakhala yosalongosoka m'mbali, ndipo imachoka mosavuta.

Malire a dera la matendawa nawonso sali olimba monga ankaganizira kale. Mu 2006 mlendo wina amene anadwala atachokera ku Dubai anapezeka ndi mtundu wina wa Orientia, ndipo chaka chomwecho kunapezeka wodwala pa chilumba cha Chiloé ku Chile, kumene tsopano matendawa amadziwika bwino. Ku Kenya ofufuza apeza zizindikiro za Orientia m'magazi a odwala otentha thupi komanso m'tizilombo totengedwa pa mbewa za ku Baringo. Choncho nkhanambo yakuda yosapweteka pa munthu wotentha thupi ifunika doxycycline, kaya wapita ku Asia kaya ayi.

Eschar ikasowa, magazi wamba amathandiza kupatula. Yambani ndi malungo, nthawi zonse, ndipo kumbukirani kuti munthu akhoza kukhala ndi matenda awiri. Pa scrub typhus ma platelet, timaselo tothandiza magazi kuundana, amatsika, kawirikawiri pansi pa 150,000, AST ndi ALT za chiwindi zimakwera pang'ono mwa odwala ambiri, albumin ndi sodium zimatsika, pomwe maselo oyera amakhala pamlingo wake kapena kukwera. Dengue imagwetsa maselo oyera, ndipo kutentha kwake kumatha cha pa tsiku la 5 mpaka la 7. Munthu amene akuti ali ndi dengue koma thupi likutenthabe pa tsiku la 8, ma platelet ali pansi, maselo oyera ali m'mwamba, avulidwe afufuzidwenso. Leptospirosis imafiiritsanso maso, koma imapweteketsa akatumba a kuseri kwa miyendo ndipo imatsata mbiri yoyenda m'madzi osefukira. Mwamwayi doxycycline amagwira scrub typhus ndi leptospirosis yomwe zikakhala zisanakule.

Mankhwala ayambike tsiku lomwelo limene mwaganizira matendawa, magazi atengedwe koma zotsatira zisadikiridwe. Wamkulu amwe doxycycline 100 mg kawiri pa tsiku kwa masiku 7. Mwana wosafika makilogalamu 45 amwe 2.2 mg pa kilogalamu iliyonse kawiri pa tsiku. Mantha akale akuti mankhwalawa amadetsa mano a ana osafika zaka 8 anachokera ku tetracycline wakale. Doxycycline wa masiku ochepa chonchi sachita zimenezo, ndipo kumumana mwana wodwala matendawa n'kulakwa. Mayi woyembekezera apatsidwe azithromycin 500 mg kamodzi pa tsiku kwa masiku 5, mwachangu, chifukwa scrub typhus imachotsa mimba, imabadwitsa ana masiku asanakwane ndiponso imapha ana m'mimba. Rifampicin amagwira, koma kumene TB ili yambiri asungidwe kuti azigwira ntchito ya TB. Doxycycline amwedwe ndi kapu yodzaza madzi munthu atakhala tsonga, asagone kwa mphindi 30, chifukwa kapisozi akakakamira pakhosi amawotcha kummero. Asamwere limodzi mkaka, mapiritsi a ayironi kapena mankhwala a chilungulira, popeza zimamanga mankhwalawo m'matumbo n'kuwalepheretsa kulowa m'magazi. Thupi likazizira pa tsiku lachiwiri anthu ambiri amasiya kumwa, ndipo matenda akhoza kubwerera. Auzeni amalize masiku onse.

Kusiyana kwa kuchedwa ndi kufulumira kumaoneka pa imfa. Kafukufuku wophatikiza malipoti ambiri anapeza kuti mwa osalandira mankhwala amafa pafupifupi 6 pa 100, m'madera ena kuposa pamenepo kutalitali, pomwe mwa olandira mankhwala amafa pakati pa 1 ndi 2 pa 100. Amene afika sabata yachiwiri osathandizidwa ndiwo amagwidwa mapapo, impso, ubongo ndi mtima. Zizindikiro zake zimaonekanso ndi maso: kupuma mofulumira, mpweya wa m'magazi kutsika pansi pa 92 peresenti, mkodzo kuchepa, maso achikasu, kusokonezeka mutu, kuuma khosi, kukomoka, BP kugwa. Werengani kapumidwe kwa mphindi yathunthu pa wodwala aliyense, chifukwa mapapo amayamba kudzaza chifuwa chikumvekabe bwino pa chomvetsera. Wotereyu agonekedwe, ndipo dripi aperekedwe mosamala popeza timitsempha todontha timathira madziwo m'mapapo. Mu 2023 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa INTREST, wotsogoleredwa ndi George Varghese wa ku Christian Medical College, Vellore, ku India, pa odwala kwambiri pafupifupi 800. Amene analandira doxycycline ndi azithromycin pamodzi kudzera m'mitsempha, 33 pa 100 anamwalira, kapena anali ndi ziwalo zosagwirabe bwino pa tsiku la 7, kapena anali akutenthabe pa tsiku la 5. Pa doxycycline yekha anali 47 pa 100, pa azithromycin yekha 48 pa 100. Chiwerengero cha omwalira pachokha sichinasiyane kwenikweni m'magulu atatuwo, chinali cha m'ma 12 pa 100.

Wodwala amene wapezeka msanga amasintha mooneka. Mkati mwa maola 48 thupi limazizira, mutu umaleka, amayamba kupempha chakudya, ndipo kusintha kumeneku pakokha ndi umboni wakuti munaganiza bwino. Akapitirira maola 72 akutenthabe, funsani kaye ngati mankhwala akulowadi: kodi akusanza, kodi akumwera mkaka kapena mankhwala a chilungulira, kodi mlingo wa mwana unawerengedwa pa sikelo kapena mongoyerekeza. Kenako yezaninso malungo, ganizirani taifodi kapena matenda achiwiri obisala pansi. Kuchokera ku Chiang Rai, kumpoto kwa Thailand, kunabwera malipoti mu 1996 a odwala ochedwa kuchira pa doxycycline, choncho kusinthira ku azithromycin kapena kuphatikiza awiriwo n'koyenera ngati zina zonse zafufuzidwa.

Kumene kuli labotale ya PCR, nkhanamboyo isatayidwe. Bakiteriya amakhala wochuluka mmenemo kuposa m'magazi, ndipo amapezekabe ngakhale wodwala atamwa kale mankhwala kwa masiku angapo, pamene magazi sasonyezanso kanthu. Jambulani kachilondako kaye ndi foni, wodwala atavomera, mutaika rula pambali pake. Nyowetsani nkhanambo ndi saline, madzi amchere a m'dripi, itukuleni m'mphepete ndi kachitsulo kopanira kowiritsa bwino, muiike m'kabotolo koyera kouma kopanda formalin (mankhwala osungira minofu), kenako pukutani pansi pa chilondacho ndi kathonje ka pa kamtengo n'kukaika m'kabotolo kena. Zonse ziwiri zisungidwe mufiriji, zilembedwe malo a pathupi pamene zachokera ndi tsiku limene thupi linayamba kutentha, ndipo wodwala amwe mlingo wake woyamba asanatuluke m'chipindamo.